Kusinthana wosewera mmodzi ndi mmodzi mu baseball: amapindula ndani?

Achimwene, mwafunsa ngati n'zoona kuti mu baseball ya ku America matimu awiri amangosinthana osewera, uyu apite uko uyo abwere kuno, popanda ndalama yogulira ngati ku mpira wamiyendo. N'zoona. Chimene chimasamuka ndi kontrakiti: timu yatsopano imatenga munthuyo pamodzi ndi malipiro ake ndi zaka zomwe zatsala. Asanatsirize, madokotala amayamba aona kaye za thupi lake, makamaka phewa ndi chigongono ngati ali woponya mpira. Amene watha zaka 10 mu ligi yaikulu (Major League Baseball), zisanu zomalizazo ali pa timu imodzi, ali ndi ufulu wokana kusamutsidwa.

Koma kusinthana mmodzi ndi mmodzi sikuchitikachitika. Anthu awiri ofanana msinkhu, luso ndi malipiro sapezeka wamba, ndiye nthawi zambiri amaikapo achinyamata awiri atatu kapena ndalama kuti sikelo ilingane.

Yotchuka kwambiri ndi ya mu April 1960. Cleveland inapereka Rocky Colavito, yemwe chaka chapitacho anamenya ma home run 42 (home run ndi kumenya mpira mpaka kutuluka kuseri kwa mpanda wa bwalo), n'kutenga Harvey Kuenn wa Detroit, amene anatsogola mu American League (theka limodzi la ligi yaikulu) ndi avareji yomenya mpira ya .353. Papepala zimaoneka zolingana. Kuenn anangokhala sizoni imodzi ku Cleveland n'kupita ku San Francisco, pamene Colavito mu 1961 anamenya 45. Bwana wa Cleveland, Frank Lane, anali ndi manja oyabwa: chaka chomwecho anasinthana ndi Detroit ngakhale makochi, Joe Gordon ndi Jimmy Dykes.

Msampha weniweni uli apa: timu yomwe ikuthamangira chikho imapereka mwana wosadziwika kuti ipeze mkulu wothandiza lero lomwe. Mu August 1990 Boston inapereka Jeff Bagwell ku Houston n'kutenga Larry Andersen wa zaka 37. Andersen anaponya bwino ndithu, koma m'magemu 15 okha, kontrakiti n'kutha, iye n'kupita ku San Diego. Boston inkaona ngati Bagwell alibe malo poti pa third base, malo amene iye ankaima m'bwalo, panali kale Wade Boggs. Houston inangomusunthira pa first base, ndipo anakhala zaka 15 n'kumenya ma home run 449. Kulakwa kwa Boston kunali kuyeza munthu ndi malo amene akuima m'bwalo, m'malo moyang'ana mmene akumenyera mpira.

Ya John Smoltz anthu amaiweruza mopupuluma. Mu August 1987 Detroit inamupereka ku Atlanta ali ndi zaka 20, n'kutenga Doyle Alexander wa zaka 36; onse awiri anali oponya mpira. Alexander anapambana magemu 9 osagonja ngakhale imodzi, ndipo Detroit inatenga chigawo chake cha AL East (cha kum'mawa mu American League). Inapeza chimene inkafuna. Kungoti Smoltz anadzapambana magemu 213 n'kulowa mu Hall of Fame, m'ndandanda wolemekezera akatswiri a baseball, mu 2015. Kunena kuti Detroit inapusa n'kuiwala kuti nthawi imeneyo Smoltz ankavutika mu ligi zazing'ono.

Mukamaona kusinthana kotere, yambani mwawerenga zaka za aliyense ndi zaka zotsala pa kontrakiti. Wachinyamata timu imakhala naye zaka 6 za mu ligi yaikulu asanamasuke kupita kumene akufuna; mkulu uja mwina watsala ndi miyezi iwiri basi.