Musaifomate kaye, Windows yakale ikadali momwemo

Achimwene, mwanena kuti desikitopu yanu inali pa Windows 10, mwaikweza kupita pa Windows 11, ndiye itangodziyatsanso ikumangoonetsa chizindikiro cha kampani, timadontho n'kuzungulirazungulira, kenako sikirini ya buluu, n'kuyambiranso. Mukufunsa ngati yafa kapena mungoifomata. Siinafe ayi. Kompyuta imene ikufika mpaka pa timadontho paja ndiye kuti magetsi akulowa bwino, purosesa ikugwira ntchito, disiki ikuwerengeka. Yapunthwa ndi Windows, ndipo mafayilo anu akadali pomwe munawasiya. Amene akukuuzani kuti mufomate akufuna mugwetse nyumba chifukwa kiyi wakana pachitseko.

Yambani ndi chosavuta. Izimitseni, muzule pulinta, ma flash, hard drive yakunja, kamera, chilichonse cholumikizidwa pa USB, mutsale ndi kiyibodi, mausi ndi sikirini basi. Yatsani. Nthawi zina dalaivala (kapulogalamu kothandiza Windows kugwiritsa ntchito chipangizo) wa kachipangizo kamodzi ndi amene sakugwirizana ndi Windows yatsopanoyo, ndipo nkhani imathera pomwepo.

Ikakanabe, muikakamize kuti itsegule malo ake okonzera. Yatsani, timadontho tikangoyamba kuzungulira dinani batani loyatsira osalisiya mpaka izime. Bwerezani kawiri kapena katatu. Ulendo wotsatira muona mawu akuti Preparing Automatic Repair, ndipo ikamaliza kuyesa zake ikupatsani Advanced options. Lowani pa Troubleshoot, kenako Advanced options, kenako Uninstall Updates, musankhe Uninstall latest feature update. Musasokoneze ndi quality update, imeneyo imangochotsa tizigamba tamwezi ndi mwezi.

Chifukwa chake njirayi imagwira n'chakuti Windows ikamakwezedwa siitaya yakale nthawi yomweyo. Imaisunga mu foda yotchedwa Windows.old, pamodzi ndi mapulogalamu ndi makonzedwe anu, kuti zikavuta mubwerere. Koma mwayi umenewu ndi wa masiku 10 okha. Choncho musaisiye kompyutayo pakona n'kumati tidzaona. Ikayamba kubwerera imatha kutenga nthawi yaitali, sikirini n'kumaoneka ngati yangoima. Musaizimitse. Ngati kanyali ka disiki kutsogolo kwa bokosi kakuphethira, ndiye kuti ntchito ili mkati.

Pakati pa zimenezi ikhoza kukufunsani BitLocker recovery key, kiyi wotsegulira disiki imene Windows inaitseka poteteza mafayilo. Musadzidzimuke. Ndi nambala ya manambala 48, ndipo nthawi zambiri imasungidwa mu akaunti ya Microsoft imene munkalowera pa kompyutapo, moti mutha kulowa mu akauntiyo pafoni n'kuipeza pa gawo la Devices. Ngati kompyutayo ndi ya kuntchito, afunseni a IT. Popanda nambalayi disiki yotsekedwa siitseguka, ngakhale mutapita nayo kwa katswiri wotani, ndiye muifunefune musanachite china chilichonse chachikulu.

Tsopano ndikufunseni chinthu chimodzi, ndipo muyankhe zoona: munalowa mu BIOS (malo a makonzedwe a makina amene amatseguka Windows isanayake) kukasintha zinthu kuti Windows 11 ilole kulowa? Ndikufunsa chifukwa apa ndi pamene ambiri amagwera. Windows 11 imafuna TPM 2.0 (kachipangizo ka chitetezo) ndi makina oyaka kudzera pa UEFI (njira yatsopano yoyatsira) otha kugwiritsa ntchito chitetezo cha poyaka chotchedwa Secure Boot. Munthu amaonera kavidiyo, n'kulowa mu BIOS, n'kusinthasintha zinthu zitatu zinayi, kapena kudina Load Defaults, osalemba momwe zinalili poyamba. Pali ziwiri zimene zimaluma kwambiri. Choyamba ndi SATA mode, njira imene kompyuta imalumikizirana ndi disiki, monga RAID kapena AHCI. Ngati Windows inaikidwa disiki ili pa RAID inu n'kuisintha kukhala AHCI, kapena mosemphanitsa, Windows imayamba kuyaka koma pakati panjira imasowa dalaivala wowerengera disiki yakeyo, n'kukupatsani sikirini ya buluu yolembedwa INACCESSIBLE_BOOT_DEVICE. Mukangoibwezera momwe inalili imayaka ngati sipanachitike kanthu. Chachiwiri ndi kuchoka pa Legacy (njira yakale yoyatsira) kupita pa UEFI pamene disiki ikadali ya mtundu wakale wa MBR. Pamenepo siifika n'komwe pa timadontho, imangoti palibe disiki yoyatsira. Zanu zikumveka ngati zoyambazo, koma onani zonse ziwiri, muonenso kuti Windows Boot Manager ndi imene ili pamwamba pa ndandanda wa zoyatsira.

Mu BIOS mumalowa podina F2 kapena Delete kompyuta ikangoyaka, pa HP ndi F10. Mukalowa yang'anani deti. Mukapeza likunena chaka chakalekale, ndiye kuti kabatire ka pa mothabodi katha, kaja kozungulira ngati ndalama yachitsulo, kolembedwa CR2032. Kakatha, BIOS imatha kuiwala makonzedwe ake mukangozula chingwe kukhoma, ndipo SATA mode imabwerera yokha pa za kufakitale. Anthu amaimba mlandu Windows pamene wolakwa ndi kabatire ka mavoti 3.

Ngati BIOS simunaikhudze ndipo kubwerera kwakanika, yesani Safe Mode, momwe Windows imayaka ndi zofunikira zochepa zokha. Pa Advanced options pomwe paja sankhani Startup Settings, dinani Restart, kenako 4. Ikatseguka momwemo ndiye kuti Windows ndi yamoyo, vuto ndi dalaivala kapena pulogalamu. Oyamba kuwakayikira ndi dalaivala wa khadi ya zithunzi ndi antivayirasi yoikidwa padera, chifukwa ziwirizi zimalowa pakatikati pa dongosolo. Zichotseni, muyatsenso mwachizolowezi.

Zikachitika kuti malo okonzera aja akukana kutseguka, mufunika kompyuta ina ndi flash ya 8 GB yopanda kanthu, poti zonse za momwemo zimafufutika. Tengani pulogalamu ya Media Creation Tool pa tsamba la Microsoft, muigwiritse ntchito kuika Windows pa flashyo. Iikeni pa yodwalayo, mudine F12 ngati ndi Dell kapena Lenovo, F9 ngati ndi HP, musankhe flash. Apa tsegulani maso: mufuna Repair, osati Install. Mupezanso Startup Repair ndi Uninstall Updates. Za ma command ngati bootrec ndi bcdboot ndikuzisiya dala, chifukwa mkati mwa malo okonzera zilembo za ma disiki zimasinthana, C yanu ija imatha kuoneka ngati D, ndipo munthu wongokopera zimene waona pa intaneti amawonjezera matenda.

Ine ndikanakhala inu, ndisanapite patali choncho ndikanapulumutsa kaye mafayilo. Pangani flash ya Ubuntu (dongosolo lina loyendetsera kompyuta, losiyana ndi Windows), muyatsire pamenepo, musankhe Try Ubuntu. Imayendera pa flash pompo osalemba kanthu pa disiki yanu. Tsegulani disikiyo, mulowe mu Users, mukopere Documents, Desktop ndi Pictures ku hard drive yakunja. Mukaona kukopera kukuimaima, kapena mukumva disiki ikulira kuti tiki tiki mkati mwa bokosi, siyani zokonza Windows. Disikiyo inali kale kumapeto, kukweza kuja kwangoimaliza poilembetsa zinthu zambiri nthawi imodzi. Tengani zofunika kwambiri poyamba, musinthe disiki.

Mukabwerera bwinobwino pa Windows 10 musathamangire kuyesanso tsiku lomwelo. Ikani pulogalamu ya Microsoft ya PC Health Check ione ngati makinawo ndi ovomerezeka, chifukwa mapurosesa ambiri a Intel a m'badwo wosafika 8 sali pa ndandanda, ndipo kulowetsa Windows 11 mozembera pa makina otere kumatha kubala zoterezi. Komanso simungakhale pa 10 mpaka kalekale, poti Microsoft inasiya kuithandiza pa 14 Okutobala 2025.

Pakadali pano jambulani sikirini ya buluuyo ndi foni isanazime. M'munsi mwake muli mawu a zilembo zikuluzikulu pambuyo pa Stop code. Ikani chithunzicho pano pamodzi ndi dzina ndi modelo ya kompyutayo, munenenso ngati mu BIOS munakhudzamo.