Ma e a pa boda si a mkalasi ayi

Mphwanga wafunsa kuti geni yodutsa boda imayenda bwanji, komanso zizungu zili pa mapepala zija, entry, excise, exemption, examination, zimatanthauza chani. Ndikuuza, koma usaganize kuti mawa ukwera minibasi pa Chitakale wa ku boda ya Muloza nkubwerako ndi phindu.

Entry ndi pepala lolembapo katundu yense wanyamula ndi mtengo wake, amalemba ndi ejenti wothandiza kuombola katundu pa boda koma akaphonya iyeyo wolipira ndiwe. Excise ndi msonkho wina woonjezera pa dyute ndi VAT, umagwera kwambiri mowa ndi fodya. Exemption ndi kukhululukiridwa msonkho, imeneyo iwalako, ndi ya mabwana a mataye osati ife a matumba. Examination ndi pomwe amakumasulitsa katundu yense pansi, kumanga umanganso wekha.

Koma yomwe inatsala pang'ono kundiika m'manda ndi exchange rate, mtengo wosinthira ndalama. November 2023 ndinali nditatenga mafuta ophikira ndi makatoni a mabisiketi pa ngongole kwa wa shopu wina ku Milange ku Mozambique, ngongole ya metikali, ndalama ya kumeneko, tinadziwana kalekale moti ankandipatsa popanda kusainirana. Kungodzuka mmawa timve kwacha yagwa ndi 44 peresenti, dola yomwe inali cha mma K1,180 yafika K1,700, anyamata osintha ndalama nawo anakweza tsiku lomwelo, ngongole ija inafufuma ine ndili mtulo. Ndiye ndikuti ndithamangitse katundu ndigulitse msanga, pa rodibuloko ina, sinditchula, kabwana kena kotuwa nsapato kakutenga katoni kuyang'ana expiry, tsiku lothera mphamvu lija, kakuti mayi izi zatha. Miyezi ilipo yambiri, manambala akuoneka poyera, mapepala onse ndalipira! Kamafuna ya fanta basi. Ine ndinakana, sindibereka ana ndi kulera wina wa yunifolomu. Anautsitsa katundu, anaugoneka panja, ndipo mvula ya ku Mulanje ukuidziwa, mabisiketi anasanduka phala. Atandibwezera panalibe ndi pepani yemwe. Njinga yamoto ya kabaza ndinagulitsa, katapila ndinalowa, anzanga ena pa Limbuli ankaseka kuti mayi uja watha, akathyole tiyi. Lero omwewo amabwera kudzabwereka mpamba kwa ine.

Wa ku Milange uja ndinamubwezera yonse mpaka metikali yomaliza, nchifukwa chake mpaka pano ndikalowa mshopu mwake amandikokera mpando.

Export ndi kutumiza katundu kunja, nandolo ndi mbewu zina zimafuna chilolezo, chimanga ndiye boma limatseka nthawi zina, funsa usanalongedze. Ngongole ya ndalama yakunja usatenge pomwe iwe ukugulitsa mma kwacha. Ndipo nambala ya ejenti wanga usandipemphe, kafune wako.