Ndapeza 499 pa MCAT: ndifunsire malo chaka chino kapena ndilembenso?

Wowerenga wina wandilembera imelo kunena kuti anamaliza digiri yake yoyamba ndi magiredi abwino, koma pa mayeso a MCAT, omwe sukulu zambiri za udokotala ku America ndi ku Canada zimafuna, wapeza 499. Akufunsa ngati n'kwanzeru kufunsira malo chaka chino kapena kudikira kuti alembenso.

Tiyambe ndi tanthauzo la nambalayi. Chiyambire 2015, MCAT ili ndi zigawo zinayi, ndipo chigawo chilichonse chimapatsidwa malikisi kuyambira 118 mpaka 132, kotero kuti onse pamodzi amayambira pa 472 n'kulekezera pa 528. Inu muli pafupi ndi 500, pakati penipeni, zomwe sizochititsa manyazi. Vuto ndi lakuti ambiri mwa amene amatengedwa m'sukulu zopereka digiri ya udokotala yotchedwa MD ku America amakhala pafupi ndi 511 kapena 512, ndipo sukulu zina zimayamba zasefa makalata ofunsira malo potengera malikisi munthu aliyense asanawawerenge. Kutereku, nkhani yanu yokoma yofotokoza chifukwa chimene mukufunira udokotala ikhoza kusafika n'komwe m'manja mwa woisanthula.

Mu imelo yanu simunatchule mmene 499 yanuyo inagawikira, chonsecho mpamene pagona nkhani. Munthu wopeza 125, 125, 125 ndi 124 ali ndi vuto losiyana kwambiri ndi wopeza 128, 128, 122 ndi 121, ngakhale onse awiri ali ndi 499. Woyambayo sanakhwime paliponse, ndipo akufunika miyezi ingapo yobwereza maphunziro onse. Wachiwiriyo ali ndi zigawo ziwiri zokha zomwe zikumugwetsa, ndipo mankhwala ake ndi odziwikiratu. Chigawo chovuta kuchikweza mofulumira ndi CARS, chomwe chimayesa luso lowerenga ndime n'kuisanthula, pakuti mulibe choloweza. Chimafuna kuyeserera tsiku ndi tsiku kwa nthawi yaitali. Musachipeputse, chifukwa yunivesite ya McMaster ku Canada imayang'ana chigawo chimenechi chokha pa MCAT yonse.

Kenaka yerekezani 499 ndi zomwe munkapeza pa mayeso oyeserera a bungwe la AAMC, lomwe ndi mwini wa MCAT. Ngati munkapeza 508 koma pa tsikulo n'kutsika chotere, chinakugwetsani ndi mantha, matenda kapena kutopa, poti mayesowa amatenga pafupifupi maola asanu ndi awiri ndi theka, ndipo kulembanso posachedwa kungakupindulitseni. Koma ngati poyeserera munkapezanso 498 kapena 500, mayeso ananena zoona, ndipo kubwereranso ndi kawerengedwe komweko kudzakupatsani malikisi omwewo. Ambiri amataya miyezi akuwerenganso mabuku, pamene chowakweza n'kuyankha mafunso nthawi ikuwerengedwa, kenaka n'kufufuza chifukwa chimene alakwira funso lililonse.

Mwayi wolemba mayesowa uli ndi malire: katatu pa chaka, kanayi pa zaka ziwiri zotsatizana, ndi kasanu ndi kawiri moyo wonse. Sukulu zimaona malikisi onse amene munapezapo, ndipo zina zimatenga aposachedwa, zina apamwamba, pamene zina zimawaphatikiza n'kupeza apakati. Kuchoka pa 499 kufika pa 509 kumakuchitirani umboni wabwino, koma kupeza 499 kachiwiri kumatsimikizira osankha kuti mpomwe mwalekezera. Ndiye musalembetse tsiku la mayeso kufikira mayeso oyeserera angapo otsatizana ataonetsa nambala imene mukuifuna.

Nthawi nayo sili kumbali yanu. Makalata opita ku sukulu za MD amadutsa ku AMCAS, njira ya pa intaneti yofunsira malo, yomwe imayamba kuwalandira chakumapeto kwa Meyi kapena kumayambiriro kwa Juni, ndipo sukulu zambiri zimagawa malo pamene makalata akufika. Zotsatira za MCAT zimatuluka patapita pafupifupi mwezi, choncho wolembanso mu Ogasiti amapeza malo ambiri atapita. Maganizo anga ndi akuti kulumpha chaka chimodzi kuli bwino kusiyana ndi kulipira ndalama zambiri pofunsira malo, kukanidwa, n'kudzabweranso monga wofunsira kachiwiri, amene amayenera kuonetsa chimene chasintha.

Ngati kudikira sikungatheke, lingalirani za sukulu zopereka digiri ina ya udokotala yotchedwa DO, zomwe makalata ake amadutsa ku AACOMAS m'malo mwa AMCAS. Omaliza kumeneko ndi madokotala ovomerezeka mokwanira ku America, ndipo malikisi olowera amakhala otsikirapo, ngakhale kuti 499 ndi yochepabe kwa zambiri mwa sukuluzo. Pa za sukulu za ku Caribbean zomwe zimalandira msanga, musanalipire chilichonse funsani kuti mwa amene amayamba ndi angati amamaliza, komanso ndi angati amapeza malo ophunzirira ntchito m'chipatala pambuyo pake.

Simunanenenso ngati ndinu nzika ya America kapena muli ndi chilolezo chokhalako mpaka kalekale. Ngati sichoncho, sukulu zolandira alendo ndi zochepa ndipo mpikisano wake ndi woopsa, kotero musanasankhe sukulu iliyonse onani mu MSAR, mndandanda wa AAMC woonetsa malikisi a ophunzira amene sukulu iliyonse inatenga komanso ngati imalandira ochokera kunja.