Za £3,000 ya pa khadi ija, achemwali

Achemwali, funso lanu ndaliona. Mwati mukufuna kutenga khadi la ngongole la American Express (Amex), lija la Gold, ndipo akulonjeza mapointi 20,000 mukagulira zinthu za £3,000 m'miyezi 3 yoyambirira. Mapointiwo mukufuna adzakupepukitsireni tikiti yopita kumudzi. Vuto ndi loti inu ndinu munthu wosamala ndalama: kupatula lendi, kuno ku Leeds, ku England, mumagwiritsa ntchito £600 yokha pamwezi. M'miyezi 3 imeneyo ndi £1,800, ndiye kuti patsala mpata wa £1,200.

Choyamba, £1,200 imeneyo musaitseke pogula zinthu zimene simukanagula. Mapointi 20,000, mukawagwiritsa ntchito mwanzeru, mtengo wake ine ndimauwerengera pafupifupi £200. Kugula TV yatsopano ndi nsapato za £1,200 kuti mupeze £200 ndi kuluza, ngakhale mtima ukukuuzani kuti mwapindula. Ndipo mukalephera kubweza yonse pakutha pa mwezi, chiwongoladzanja cha makhadi a kuno chimadutsa 20 peresenti pachaka. Pa ngongole ya £3,000, chiwongoladzanja cha 24 peresenti ndi £60 mwezi uliwonse. Miyezi inayi isanathe, phindu lonse lija lapita.

Chimene chimagwira ntchito ndi kusamutsira pa khadi ndalama zimene mukanalipira kale, komanso kukokera pafupi mabilu a m'tsogolo. Tengani pepala, mulembe zonse zazikulu zimene zikubwera chaka chino. Inshuwaransi ya galimoto ndiyo ndimayambira ine. Ambirife timalipira pamwezi, osadziwa kuti kulipira pamwezi nthawi zambiri ndi ngongolenso, amaikapo chiwongoladzanja. Mukalipira ya chaka chonse kamodzi, mumatsitsa mtengo wake ndipo mpata uja ukuchepa. Council tax, msonkho wa panyumba wolipira ku khonsolo, nayonso amakonda kuigawa m'magawo 10, kuyambira Epulo mpaka Januwale, koma palibe choletsa kulipira magawo angapo pasadakhale. Kungoti si khonsolo iliyonse imene imalandira Amex, ndiye funsani kaye ku khonsolo yanu. Onjezani MOT (kuyezetsa galimoto kwa chaka ndi chaka) ndi sevisi ya galimoto, magalasi a maso, dokotala wa mano, yunifolomu za ana. Golosale yonse ipite pa khadi, mafuta a galimoto ndi basi chimodzimodzi. Chiyambire Januwale 2018, sitolo za kuno siziloledwa kukudulani ndalama yapadera chifukwa choti mwalipira ndi khadi lanu, choncho apa simukutaya kanthu.

Koma chonsechi chili ndi lamulo limodzi: ndalama ya inshuwaransi kapena council tax ikhale ili kale mu akaunti yanu. Khadi ndi msewu wongodutsira. Tsiku lomwe lafika, ikani direct debit (chilolezo choti ndalama zizichotsedwa zokha mu akaunti yanu) yobweza ngongole yonse, osati kachigawo kakang'ono kamene amakuonetsani pa sitetimenti.

Nanga tikiti yeniyeniyo? Apa ndi pamene ndikufuna muganizire bwino. Ngati mukupita kumudzi Disembala ikubwerayi, tikiti mudzagulabe, kaya ya Ethiopian Airlines yodzera ku Addis Ababa kapena ya Kenya Airways yodzera ku Nairobi. Dikirani, mufunsire khadilo nthawi imene mwakonzeka kugula tikitiyo, ndipo mpata wonse kapena mbali yake yaikulu itsekeka tsiku limodzi. Mapointi adzakhala a ulendo wotsatira. Palinso ubwino wina: lamulo la Section 75 la Consumer Credit Act 1974 limati mukagula chinthu cha mtengo woposa £100 mpaka £30,000 pa khadi la ngongole, kampani ya khadiyo imakhala ndi udindo limodzi ndi wogulitsa zinthu zikapanda kuyenda. Chitetezochi chimalimba mukagula mwachindunji kwa kampani ya ndegeyo kusiyana ndi kudzera mwa munthu wapakati.

Chimene ndikukupemphani ndi mtima wonse: musatumize ndalama kumudzi ndi khadi limeneli. Ndikudziwa kuti maganizo amenewo afika kale, poti fizi ya ana a achimwene ndi feteleza wa amayi timatumiza mwezi ndi mwezi. Ine ndinachitapo zimenezi ndi khadi lina nditangofika kuno. Anaiwerengera ngati ndatapa ndalama pa ATM, anandidula ndalama yapadera, chiwongoladzanja chinayamba tsiku lomwelo, ndipo sinawerengedwe n'komwe pa mapointi. Zinandiwawa chifukwa inali ndalama ya mankhwala a bambo anga. Za kumudzi tumizani kuchokera mu akaunti yanu monga mwa masiku onse.

Ena m'gulu muno akuuzani kuti muzilipirira anzanu zinthu, iwo azikubwezerani. Zimatheka. Ngati amuna anu kapena amene mumakhala naye nyumba imodzi amagulanso golosale, atengereni khadi lachiwiri la pa akaunti yomweyo, zonse ziziwerengedwa pamodzi. Koma za kugulira tikiti mnzanu wa kutchalitchi amene akuti adzabweza akalandira, ayi. Dzina limene lili pa ngongoleyo ndi lanu. Mukati mumuthandize, ayambe waika ndalamayo mu akaunti yanu, inu mulipire pambuyo.

Werenganinso bwino malamulo a khadilo. Miyezi 3 ija kawirikawiri imayamba tsiku limene akuvomerezani, osati tsiku limene khadi lafika pakhomo. Mukabweza katundu kusitolo, ndalamayo amaichotsa pa chiwerengero, ndiye pitirirani pang'ono £3,000, musaime ndendende. Amex sapereka mapointi olandirira amenewa kwa munthu amene wakhala ndi khadi lawo lina m'miyezi 24 yapitayi, kupatula pa makhadi ochepa. Gold imakhala yaulere chaka choyamba, kenako pali ndalama yolipira pachaka, choncho lembani tsikulo mu foni kuti mudzasankhe kupitiriza kapena kutseka. Ndipo ngati mukufuna kufunsira ngongole ya nyumba m'miyezi ikubwerayi, khadi latsopano liyambe ladikira, chifukwa kufunsira kwake kumaoneka pa mbiri yanu ya ngongole.

Dziwaninso kuti palibe ndege yochoka ku London kukatera ku Lilongwe osaima pena. Mapointi mukawasandutsa Avios (mapointi ogulira tikiti ku British Airways), British Airways ikufikitsani ku Johannesburg kapena ku Nairobi, misonkho ya tikiti mulipirabe ndi ndalama, ndipo 20,000 paokha sakwana ulendo wopita ndi kubwera. Adzangokupepuzani pang'ono.

Ndiye lembani pepala lija usiku uno. Likafika £3,000 popanda kuwonjezerapo chilichonse chachilendo, funsirani. Likathera pa £2,300, dikirani mpaka mwezi wa inshuwaransi kapena wa tikiti. Mukafuna, nditumizireni mabiluwo ndi miyezi yake ku inbox tiwerengere limodzi Loweruka ndikaweruka.