Ulendo wa ku linga la Malbork: ola limodzi silikwana

Mayi wina yemwe amakhala ku Leeds watitumizira imelo. Iye, ana ake awiri ndi mayi ake omwe abwera kudzacheza kuchokera kumudzi akukonzekera kukakhala masiku atatu ku Gdańsk, m'dziko la Poland. Funso lake ndi ili: "Tamva za linga la Malbork. Kodi tithereko tsiku lathunthu, kapena tingodutsa ola limodzi n'kujambula zithunzi? Nanga agogo akakwanitsa kuyenda?"

Mayi, pitani ndithu, koma za ola limodzi ziiwaleni. Malbork ndi linga la njerwa lomwe bwalo lake ndi mahekitala 21, kapena kuti maekala oposa 50, ndipo malinga kwenikweni ndi atatu, lina pambali pa linzake. Njira yaikulu ya alendo imatenga maola atatu ndi theka. Mukaonjezapo sitima, chakudya ndi kupumitsa agogo, tsiku lapita.

Musanagule tikiti ya ndege, yambani ndi mapasipoti. Poland ili m'dera la Schengen, gulu la maiko a ku Ulaya omwe amagwiritsa ntchito viza imodzi, ndipo pasipoti ya Malawi imafuna viza ya Schengen. Chilolezo chokhalira ku Britain sichilowa m'malo mwa viza imeneyi. Pa agogo ndiye pali povuta: viza ya Schengen kawirikawiri amaipempha munthu ali m'dziko lomwe amakhala, ndiye mlendo wongocheza ku Britain akhoza kubwezedwa kuti akapemphere kwawo. Funsani ku ofesi ya kazembe wa Poland mudakali ndi nthawi, ndipo onetsetsani kuti viza yawo ya Britain ikuwalola kutuluka n'kulowanso.

Kuchokera ku Gdańsk ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 60. Kwerani sitima pa siteshoni ya Gdańsk Główny. Za PKP Intercity zolowera ku Warsaw ndi zachangu, zimafika pa mphindi zoposa 30 pang'ono. Za Polregio zimaima m'masiteshoni ambiri, zimatenga pafupifupi ola koma n'zotchipa. Tikiti ya kampani ina sigwira pa sitima ya kampani inzake, ndipo apa ndi pomwe alendo ambiri amalipira kawiri. Khalani ku mawindo a dzanja lamanja, chifukwa sitima ikamaoloka mtsinje wa Nogat itatsala pang'ono kufika, linga lonse limaonekera mbali imeneyo. Kuchoka pa siteshoni ya Malbork mpaka pogulira matikiti ndi mphindi 15 kapena 20 wapansi. Agogo atengereni takisi, asunge mphamvu za m'maondo kuti zikagwire ntchito m'kati.

Musapite Lolemba. Tsiku limeneli zipinda zikuluzikulu ndi zionetsero zimakhala zotseka, mumangozungulira mabwalo akunja. M'miyezi ya July ndi August gulani matikiti pa intaneti ndipo fikani m'mawa akungotsegula, mabasi a magulu asanachuluke. M'nyengo yozizira amatseka msanga, ndipo mu December kumada isanakwane 4 koloko madzulo. Nthawi ndi mitengo zimasintha ndi nyengo, choncho onani pa webusaiti ya miziyamu ya m'lingali, dzina lake Muzeum Zamkowe w Malborku. Ndalama za kumeneko ndi złoty, osati euro, koma khadi ya banki imagwira ntchito.

Pamodzi ndi tikiti amakupatsani kachipangizo kovala pakhosi kokhala ndi mahedifoni, ndipo Chingerezi chilimo. Kamazindikira komwe mwaima n'kuyamba kufotokoza kokha. Vuto lake limabwera mukathamanga: kamadumphira ku nkhani ya chipinda chotsatira pomwe ya choyamba isanathe, ndipo banja limabalalika, aliyense akumva zake. Gwirizanani kuti palibe wotuluka m'chipinda mnzake asanamalize. Agogo ngati Chingerezi chimawapita, mmodzi wa inu azivula hedifoni imodzi n'kumawamasulira.

Kuti malowa amveke, dziwani eni ake. Linamangidwa ndi gulu la Teutonic Order, amonke a Chijeremani omwe analinso asilikali. Anayamba kumanga cha m'ma 1270, n'kulitcha Marienburg, linga la Maria. Mu 1309 mtsogoleri wawo, Siegfried von Feuchtwangen, anasamutsa likulu la gululi kuchoka ku Venice kubwera kuno, ndipo ndi pomwe linakula chotere. Dera limeneli ndi dambo la mitsinje, miyala yomangira ndi yosowa koma dongo ndi la mwanaalirenji, n'chifukwa chake zonse ndi njerwa. Aliyense yemwe anaotchapo uvuni wa nyumba ya zipinda zitatu akaima pansi pa makoma amenewa amayamba kuwerengera nkhuni ndi manja a anthu omwe anaumba. Mtsinje wa Nogat, womwe ndi nthambi ya Vistula, unkateteza mbali ya kumadzulo komanso unali msewu wa mabwato a malonda.

Mbali yoyamba, Low Castle, inali ya nkhokwe, makola ndi amisiri, ndipo pamenepa musachedwepo. Nthawi yanu ikathere ku Middle Castle. Kuli holo yaikulu yodyera, Great Refectory, ya mamita pafupifupi 30 m'litali ndi 15 m'lifupi, yomwe denga lake lakhazikika pa mizati itatu yokha yoonda. Yang'anani pansi: muona mabowo ozungulira okhala ndi zivindikiro. Kunsi kwa chipindacho kunali ng'anjo yomwe pamwamba pake anaunjikapo miyala. Ankasonkha moto mpaka miyala itatentha, moto ukazima ndi utsi utatuluka ankatseka chumuni n'kuvundukula mabowowo, mpweya wotentha n'kumakwera m'chipinda. Akanavundukula moto ukadayaka, utsi ukanadzaza holo yonse.

Pafupi pomwepo pali nyumba ya mtsogoleri wamkulu, ndipo chipinda chake chotchedwa Summer Refectory ndicho chokongola kuposa zonse m'lingali. Denga lonse lili pa mzati umodzi wa mwala, makoma ali mawindo okhaokha. Mu 1410, gululi litagonja pa nkhondo ya Grunwald, asilikali a Poland ndi Lithuania anazinga lingali pafupifupi miyezi iwiri koma mmodzi wa atsogoleri a gululi, Heinrich von Plauen, analiteteza. Anthu amasimba kuti ozingawo analozetsa mzinga pa mzatiwo kuti denga ligwere atsogoleri onse, n'kuuphonya pang'ono. Mwala wozungulira wa mzinga ulipo m'khoma pamwamba pa malo osonkhapo moto. Auzeni ana aufunefune okha.

Musadumphe chionetsero cha amber, utomoni wa mitengo womwe unauma kalekale n'kusanduka ngati mwala wachikasu, wotoledwa m'mbali mwa nyanja ya Baltic. Gululi linkalamulira malonda ake ndipo gawo la chuma chake linachokera pamenepo.

High Castle ndiye kunali kogona ndi kopempherera amonke, ndiponso ndi kovuta kwa agogo. Masitepe ake ndi opapatiza, ena ozungulira, ndipo mabwalo anayalamo miyala yobulungira yomwe imaterera mvula ikagwa. Nsapato zikhale zafulati, ndipo mwana wamng'ono ndi bwino kumubereka kusiyana ndi kukankha kangolo. Agogo akatopa akhale pabwalo la pansi pafupi ndi chitsime, chomwe pa denga lake pali chosema cha mbalame ya vuwo ikudyetsa ana ake magazi a pachifuwa, chizindikiro cha Khristu. Khitchini yakale ili pansi pomwepo. Inu ndi ana kwerani mukaone Gdanisko, nsanja yomwe inali chimbudzi cha amonke. Anaimanga patali, pamwamba pa madzi oyenda, n'kuilumikiza ndi khonde lalitali la mamita pafupifupi 60, kuti zonyansa zizipita ndi madzi. Pa khoma pali kachosema ka mdierekezi kolozera njira yake.

Zambiri zomwe mukaone zinamangidwanso, ndipo ndi bwino kupita mukudziwa zimenezi. Mu 1457 asilikali aganyu omwe gululi linalephera kuwalipira anagulitsa lingali kwa mfumu ya Poland, Casimir IV. Linakhala m'manja mwa Poland mpaka 1772 pomwe ufumu wa Chijeremani wa Prussia unalitenga n'kulisandutsa nyumba za asilikali. Katswiri wa zomangamanga Conrad Steinbrecht anatsogolera ntchito yolikonza kuyambira 1882, koma nkhondo ya 1945 inagumula pafupifupi theka. Miziyamu inakhazikitsidwa mu 1961, bungwe la UNESCO linaika malowa pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse mu 1997, ndipo tchalitchi cha Maria Woyera chinamalizidwa kukonzedwa mu 2016, pamodzi ndi chosema cha Maria cha mamita 8 chomwe chili kunja kwa khoma la kum'mawa. Pa khoma limeneli njerwa zakale ndi zoderapo, zatsopano ndi zowala, ndipo mzere wa pomwe zinagumukira ukuoneka ndi maso. Ife timaona kuti ntchito ya omanganso a ku Poland ndi yoyenera ulemu ngati ya omanga oyamba.

Tauni ya Malbork inaonongekanso kwambiri mu 1945. Zatsalako ndi holo yakale ya mzinda, tchalitchi cha Yohane Woyera ndi zipata ziwiri za mpanda, zomwe mungaone pa theka la ola pobwerera ku siteshoni. Kogona khalani ku Gdańsk komweko. Malo odyera alipo m'kati mwa linga, koma nyamulani madzi ndi kenakake kotafuna, chifukwa njala imawapeza ana njira ili pakati.

Mukatuluka, olokani mlatho wa oyenda pansi kupita tsidya lina la Nogat. Chitani izi chakumadzulo, dzuwa lili kumbuyo kwanu, chifukwa m'mawa limakhala kuseri kwa linga ndipo zithunzi zimatuluka zakuda. Ndi kufupi ndipo palibe zokwera, agogo akafika bwinobwino. Siyani mphindi 40 pakati pa kuchoka pamlathopo ndi sitima yobwerera.