Kodi pulezidenti akasintha chipani, materemu ake amayambiranso?

Wowerenga wina wa ku Dwangwa, ku Nkhotakota, watitumizira imelo. Akuti pa bawo panabuka mkangano: ena ankati mtsogoleri amene walamula materemu awiri akhoza kungolowa chipani china n'kuimanso, popeza chipanicho sichinagwiritse ntchito mwayi wake. Akufunsa ngati n'zoona.

Ayi achimwene, sizoona. Malire aja amatsata munthu ndi mpando, osati mtundu wa nsalu imene omutsatira avala.

Nkhaniyi ili m'gawo 83 la malamulo aakulu a dziko lino. Teremu ndi zaka 5, ndipo pulezidenti ngakhalenso wachiwiri wake sangapitirire materemu awiri otsatizana pampando womwewo. M'gawo lonseli mawu oti chipani mulibemo. Taonani Bingu wa Mutharika: anapambana mu 2004 pa tikiti ya UDF, anatuluka mu February 2005 n'kuyambitsa DPP, anapambananso mu 2009. Teremu ya 2009 inali yachiwiri, osati yoyamba ya DPP, moti akadakhala ndi moyo, mu 2014 akadatsika basi.

Chimene chimasokoneza anthu, ndikuganiza, ndi gawo 65 lija limatchuka pa wailesi. Limenelo ndi la aphungu. Phungu wosankhidwa pa tikiti ya chipani akachisiya mwa kufuna kwake n'kulowa china cha m'Nyumba ya Malamulo, sipikala ayenera kulengeza kuti mpando wake ulibe mwini, kudera kwakeko kuchitike chisankho chapadera. Bwalo lalikulu la Supreme linatsimikiza mu 2007 kuti gawoli n'lovomerezeka, ngakhale kuti ziletso za kukhoti zakhala zikumanga manja asipikala. Koma pulezidenti si phungu. Iye ndi wachiwiri wake amasankhidwa ndi dziko lonse, n'chifukwa chake Joyce Banda atachotsedwa mu DPP mu 2010 anakhalabe wachiwiri, chimodzimodzinso Saulos Chilima atatuluka mu 2018. Kusintha chipani sikumchotsa pulezidenti pampando, komanso sikumuwonjezera ngakhale tsiku limodzi.

Pamene panali mpata weniweni wotsutsana ndi pa mawu oti "otsatizana". Bakili Muluzi analamula kuyambira 1994 mpaka 2004. Mu July 2002 bilu yochotsa malire inapeza mavoti 125 m'malo mwa 128 amene ankafunika, ndipo bilu ya teremu yachitatu nayo inafera m'mazira. Atapuma zaka zisanu anafuna kubwerera mu 2009, mfundo yake n'kumati lamulo likuletsa zotsatizana zokha. Bungwe loyendetsa zisankho la MEC linakana mapepala ake, ndipo khoti, masiku ochepa chisankho chisanachitike, linagamula kuti amene wakwanitsa materemu awiri watha, kupuma sikufufuta kanthu. Nanga ngati kukhala panja zaka zisanu sikunathandize, kusintha yunifolomu kungathandize bwanji?

Ndondomeko yake ndi yomweyo mpaka lero. Wofuna mpando amapereka mapepala ku MEC, kaya ndi wachipani kaya woima payekha, MEC imayang'ana ngati malamulo akumulola, ndipo wosakhutira amathamangira ku High Court. Chipani chikhoza kumusankha munthu pa msonkhano wake waukulu mwa nthungululu, koma zimenezo sizimanga MEC.

Pali zinthu zina zimene pa bawo anthu amaziyesa kuzemba lamulo, pomwe ayi. Wolowa pampando pakati pa teremu, monga Joyce Banda mu April 2012, nthawi yotsalayo siwerengedwa ngati teremu yake. Akadapambana mu 2014, ikadakhala yoyamba. Mipando iwiriyi, wa pulezidenti ndi wa wachiwiri wake, imawerengedwanso payokhapayokha. Justin Malewezi anakhala wachiwiri zaka khumi, mu 2004 n'kuima pa upulezidenti payekha. Analoledwa chifukwa mpando unali wina, osati chifukwa anachoka mu UDF.

Nanga Peter Mutharika, amene analumbira mu 2014, mu 2019 ndi mu 2025? Anzanu akufunsani ndithu. Chisankho cha 2019 khoti linachifafaniza pa 3 February 2020, ndipo chachibwereza cha pa 23 June anagonja kwa Lazarus Chakwera. Teremu yoyima pa chisankho chofafanizidwa siinawerengedwe, choncho anatsala ndi imodzi, imene anaipeza pa 16 September 2025, ali mu DPP momwemo.

Njira yokhayo yoti munthu alamule kachitatu ndi kusintha gawo 83 lenilenilo, ndipo pamafunika aphungu awiri mwa atatu aliwonse m'Nyumba ya Malamulo.