Nyumba ya ku Area 25 siijambulidwa ngati ya ku Mangochi

Mayi, mwafotokoza kuti eni nyumba adakupatsani nyumba zitatu kuti muwapezere anthu: ya lendi ku Area 25, ina ya lendi ku Area 47 (zonse ziwiri mu Lilongwe), ndi yogulitsa m'mbali mwa nyanja ku Mangochi. Mwati zonse mudazijambula mofanana ndi foni yanu, koma amene akuimba akufunsa za nyumba imodzi yokha, ndiye mukufuna kudziwa ngati kugula kamera yodula kungathandize. Ndalamazo zisungeni kaye, chifukwa foni ya masiku ano imakwanira pa ntchitoyi. Vuto ndikuliona pa kujambula mofananako. Anthu amene akufuna nyumba zitatuzi ali ndi nkhawa zosiyana, ndipo munthu amaima pa chithunzi chimene chamuyankha zimene zikumudetsa nkhawa iyeyo asanafunse n'komwe.

Ndiyambe ndi ya ku Area 25, popeza ndi kumene ojambula ambiri amalakwitsa potengera zithunzi za nyumba za kunja zimene amaona pa intaneti. Wofuna nyumba kumeneko, chimodzimodzi ku Area 36, Kawale, kapena ku Ndirande, Bangwe ndi Machinjiri mu Blantyre, kawirikawiri amalipira lendi kuchokera m'thumba mwake, amaona zithunzi pa WhatsApp ndi bandulo yochepa, ndipo ulendo uliwonse wokaona nyumba umamudyera ndalama ya minibasi ndi ya kabaza, kuphatikizapo ija maejenti ambiri amalipiritsa yoonera. Munthu wotere sakopeka ndi maluwa a pakhonde. Akufuna kudziwa ngati madzi ali pakhomo kapena ndi okatunga ku kiyosiki, choncho tsegulani mpopi muujambule madzi akutuluka. Akufuna kudziwa ngati mita ya ESCOM ndi ya nyumba yakeyo yokha kapena ndi yogawana, chifukwa mikangano ya mayunitsi yasamutsa mabanja ambiri. Ijambuleni mitayo pamene ili, koma nambala yake muibise. Chimbudzi ndi bafa muonetse ngati zili m'nyumba kapena panja, ndipo ngati zili panja, imani patali kuti mtunda wochokera pakhomo uoneke.

Chithunzi chimene maejenti amachizemba, koma chimene ine ndimachiona kukhala chofunika kuposa zonse m'madera amenewa, ndi cha poloti yonse. Mayi amene ali ndi ana aang'ono akufuna aone kuti pabwalopo pali zitseko zingati, zingwe zoyanikapo zovala zili kuti, ana asewera pati, ndiponso ngati alandilodi amakhala pomwepo. Mukabisa zimenezi adzabwera ndithu, koma adzabwerera pageti atakwiya, ndipo inu mudzataya tsiku lonse. Onjezerani siling'i ngati ilipo, zitsulo za m'mawindo, ndi msewu wochokera pa tala kufika pageti, makamaka m'nyengo ya mvula pamene matope ndi amene amalamula ngati galimoto ifika kapena ayi. Zithunzi zisanu ndi chimodzi kapena zisanu ndi zitatu zoimirira, zodzaza foni, zikukwana. Mukatumiza makumi awiri ambiri sazitsegula n'komwe poopa kutha kwa bandulo.

Ku Area 47, monganso ku Area 10, 12, 43 ndi Area 3, kapena ku Namiwawa, Sunnyside ndi Nyambadwe, nthawi zambiri lendi imalipiridwa ndi kampani, bungwe kapena ofesi ya kazembe, ndipo amene amayamba kuona zithunzi sakhala wodzakhalamo koma wa mu ofesi amene ali ndi mndandanda wa zofunika. Iye amayang'ana mpanda kuti ndi wautali bwanji ndipo wazungulira mbali zonse kapena ayi, waya wamagetsi pamwamba pake, geti, kanyumba ka mlonda, thanki ya madzi ndi pampu yake, sola kapena jenereta ya nthawi imene magetsi azima, giza, makabati a m'khitchini, malo oimika galimoto ndi nyumba ya antchito kuseri. Chilichonse mwa izi chikhale ndi chithunzi chakechake chooneka bwino. Zithunzi zimenezi zimatumizidwa kwa mabwana pa imelo n'kuonedwa pa kompyuta, choncho foni muigoneke pojambula, ndipo potumiza pa WhatsApp muzitumize ngati document, chifukwa mukazitumiza mwa masiku onse WhatsApp imazichepetsa mpaka matayilosi amaoneka ngati akuda.

Kumeneku bwalo limagulitsanso nyumba, ndipo nyengo imalowererapo. Kuyambira Febuluwale mpaka Epulo kapinga amakhala wobiriwira ndipo kumwamba kumayera mvula ikakata, pamene mu Seputembala ndi Okutobala fumbi ndi utsi wa moto wa tchire zimachititsa kuti mzinda wonse uoneke wotuwa. Ngati mwini nyumba ndi kasitomala wanu wa nthawi zonse, jambulani bwalo lake nthawi yobiriwira n'kusunga, koma polengeza lembani mwezi umene mudajambula. Kumbukiraninso kuti dziko lathu lili kummwera kwa equator, ndiye mu Juni ndi Julayi dzuwa limadutsa chakumpoto. Khoma loyang'ana kummwera limakhala mu mthunzi pafupifupi tsiku lonse, ndipo ngati khomo lalikulu lili mbali imeneyo, ndi bwino kulijambula tsiku la mitambo yopyapyala kusiyana ndi kulimbana ndi dzuwa likukuthobwani m'maso.

Mukadzapatsidwa nyumba za m'mizinda ina, funsani anthu akumeneko chimene amaopa. Mu Blantyre, chichitikireni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, pamene matope ndi miyala zochokera m'phiri la Soche zidakwirira nyumba ku Chilobwe, wofuna nyumba ya pamtsetse amafuna aone chimene chili kumtunda kwake, ngalande zodutsa madzi ndi khoma lotchinga dothi. Ku Mzuzu, kumene mvula imagwa nthawi yaitali, amayang'ana chinyezi m'munsi mwa makoma ndi madontho pa siling'i. Ku Zomba, ophunzira a ku University of Malawi ofuna chipinda ku Chikanda amawerenga mabedi ndi masoketi, kenako n'kufunsa mtunda wopita ku kalasi.

Ya ku Mangochi ndi nkhani ina, chifukwa wogula sakhala wapafupi. Ndi munthu wa ku Blantyre kapena ku Lilongwe wofuna kopumira, kapena m'bale wathu wa ku Johannesburg kapena London amene sadzapondapo mpaka atalipira gawo la ndalama. Chithunzi choyamba chikhale nyanja monga imaonekera munthu atakhala pakhonde, popeza chimene akugula kwenikweni ndi chimenecho. Nthawi yojambulira imatengera gombe. Kuyambira cha ku Nkopola kulowera ku Monkey Bay, monganso ku Senga Bay ku Salima, dzuwa limatulukira kunyanja, ndiye m'mawa muime kumchenga n'kujambula nyumba ikuwalidwa, ndipo nyanjayo muijambule masana atapendeka dzuwa lili kumbuyo kwanu. Ku Cape Maclear ndi kumene dzuwa limakalowera mbali ya madzi, ndipo madzulo ndi amene amakongola.

Koma kukongola kokha sikugulitsa malo a kunyanja masiku ano. Mu 2024 madzi a nyanja adakwera n'kulowa m'malo ambiri ogona alendo m'boma la Mangochi, ndipo wogula wanzeru adzafunsa kuti pa nyumba yanuyo adafika pati. Ngati pakhoma kapena pa mtengo padatsala chizindikiro, chijambuleni inu nomwe, munthu ataima pambali kuti msinkhu wake udziwike. Jambulaninso mabikoni onse a poloti. Achibale athu okhala kunja ambiri adapusitsidwapo ndi zithunzi za nyumba za eni, choncho chimene chimawakhazika mtima pansi ndi vidiyo imodzi yosadukiza, yoyambira pa msewu waukulu, kulowa pageti, kuzungulira nyumba mpaka kumadzi, inu mukulankhula ndi kutchula tsiku. Mapepala a malo musawaike pagulu. Aonetseni kwa amene mwakambirana naye mozama yekha. Pa chithunzi chilichonse lembanipo nambala yanu chapakati, chifukwa madobadoba amatenga zithunzi za ena n'kumalandirira ndalama kwa anthu osadziwa.

Za kagwiridwe ka foni ndi zochepa ndipo n'zofanana konse. Pukutani galasi la kamera, tsegulani makatani onse, imani pakona ya chipinda foni ili pachifuwa ndipo yawongoka kuti makoma asaoneke ngati akugwa. Chotsani ndowa, nsapato ndi zovala zoyanika. Ngati m'nyumbamo mukukhala anthu, pemphani chilolezo chawo, ndipo ana awo, wailesi yakanema ndi nambala ya galimoto zisaoneke, chifukwa si onse oona zithunzizo amene akufuna nyumba. Chimene ndikukuchenjezani nacho kwambiri ndi batani lija la 0.5 la pa kamera ya foni, limene limatambasula chipinda cha bedi limodzi n'kuoneka ngati pabalaza, pamodzi ndi mapulogalamu amene amayeretsa khoma long'aluka. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo ejenti amene anthu amuzindikira kuti zithunzi zake n'zotero amatchuka msanga m'magulu onse a nyumba.

Mwa zitatuzi, ya ku Area 25 mubwerereko nokha m'mawa madzi asanasiye, ndipo muyambe ndi mpopi, mita ndi bwalo. Ya ku Area 47 mufunse kaye mwini wake atsegule kanyumba ka pampu ndi ka jenereta, ndipo wosamalira bwalo atchetche kapinga dzulo lake. Ya ku Mangochi yokha ndi imene ndingavomereze kuti mulipire wojambula waluso ulendo umodzi, makamaka ngati ali ndi drone ndi chilolezo choiulutsira, chifukwa chithunzi cha m'mwamba chimaonetsa malire a poloti, msewu ndi gombe nthawi imodzi, ndipo mtengo wake mukhoza kugwirizana ndi mwini nyumba kuti uchotsedwe pa ndalama yogulitsira.